Kuyendetsa neti ya wailesi mozungulira phiri la Mulanje

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Chitakale. Akuti: "Chidutsireni namondwe wa Freddy, tilipo anthu asanu ndi mmodzi amene tinagula mawailesi am'manja a Baofeng kuti tizitha kulankhulana mafoni akafa. Wina ali ku Likhubula, wina ku Luchenza, wina pa boma pa Thyolo, wina ku Muloza, wotsiriza ali ku Phalombe. Anzanga andisankha kuti ndiziyendetsa neti Lamulungu lililonse. Wa ku Phalombe sitinamumvepo n'kamodzi komwe, wa ku Muloza amamveka mwa apo ndi apo. Ndikuganiza zogula wailesi ya mawati 100 yoti ndizikwera nayo kuphiri. Ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, ndalamazo zisungeni kaye. Zimene mwayambazi ndi zabwino ndipo ndikufuna zitheke. Amene tinalipo mu Malichi 2023 tikukumbukira momwe zinalili. Milatho inapita, mapolo a magetsi anagona pansi, anthu a ku Muloza ndi ku Nkhulambe anakhala masiku osafikirika, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Chaka cham'mbuyo mwake namondwe wa Ana anali ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, tinakhala mumdima miyezi yambirimbiri. Akuluakulu a ku Phalombe samaiwala Napolo wa 1991. Nsanja ya foni imafuna magetsi, magetsi akathima imadalira mabatire ndi jenereta, ndipo jenereta imafuna msewu wodzera mafuta. Wailesi yanu imangofuna batire ndi waya. Choncho maganizo anuwa ndi olondola. Pamene ndikusiyana nanu ndi pa mawati 100 ndi pa kukwera phiri.

Tiyambe ndi ntchito imene anzanu akupatsani. Neti ya pa wailesi, kwa amene sakuidziwa, ndi bwalo la anthu ogwiritsa ntchito mawailesi olankhulirana, amene amakumana pa frequency imodzi pa nthawi yogwirizana. Pa wailesi yotere anthu awiri sangalankhule nthawi imodzi, akatero onse amasanduka phokoso. N'chifukwa chake pamakhala munthu mmodzi wopereka mpata, monga amachitira nyakwawa pabwalo la milandu. Ameneyo ndinu. Ndipo woyendetsa neti ntchito yake yaikulu ndi kumva. Mukhala ndi mawati 100, onse akumvani bwinobwino, koma mnzanu wa ku Muloza akuyankhani ndi mawati anayi kapena asanu a m'kawailesi kake. Ngati makutu a siteshoni yanu sangatole timawu timeneto, mawati anu 100 angokusandutsani wolengeza wosamva mayankho. Chilichonse chimene ndinene m'munsimu, malo, eriyo, batire, chikuchokera pa mfundo imeneyi.

M'kalata yanu simunatchule za layisensi. Munthu aliyense amene adine batani lolankhulira afunika chiphaso chake cha wailesi ya amateur, kutanthauza yolankhulirana anthu wamba osati mwamalonda, chochokera ku bungwe la MACRA, limene limaperekanso dzina loitanira, call sign. Mayina oitanira a ku Malawi amayamba ndi 7Q. Kumvetsera kokha sikuvuta, koma kulankhula ndi nkhani ina, makamaka ndi timawailesi tanuto. Baofeng UV-5R imatha kulankhula paliponse kuyambira 136 mpaka 174 MHz, pamene gawo lathu la ma frequency, limene timalitcha bandi ya mamita awiri, ndi 144 mpaka 146 MHz basi. Kunja kwa pamenepo kuli eniake, ndipo mutha kusokoneza anthu amene ali pa ntchito yopulumutsa moyo inu osadziwa. Pitani ku MACRA nonse asanu ndi mmodzi, ndipo tsiku lililonse lotuluka ndi siteshoni muzitenga fotokope ya chiphasocho m'chikwama.

Tsopano chifukwa chimene simukumumvera mnzanu wa ku Phalombe. Mafunde a 145 MHz amayenda ngati kuwala kwa tochi. Amadutsa pang'ono m'mitengo ndi m'makoma a njerwa, amapindika pang'ono pamwamba pa chitunda, koma saboola mwala wa makilomita oposa 20 m'lifupi, umene nsonga yake, Sapitwa, yafika mamita 3,002. Chitakale ili mbali ino, Phalombe ili kuseri. Ngakhale mutagula mawati 500 phirilo silisuntha. Inu ndinu aphunzitsi, masamu awa sakuvutani: mtunda umene eriyo imaona, m'makilomita, ndi pafupifupi 4.1 kuchulukitsa ndi square root ya kutalika kwake m'mamita. Wailesi ili m'manja mwa munthu woimirira imaona makilomita asanu. Eriyo ili pa nsungwi ya mamita 9 imaona 12. Muphatikize ndi zimene eriyo ya mnzanuyo ikuona, ndiye mtunda wanu pamalo a chidikha. Pa bandi imeneyi kukwera m'mwamba kumagula mtunda umene mawati sangagule.

Mwina mukuti, ndiye bwanji mukundiletsa kukwera phiri? Ndakwerapo ndi wailesi kangapo, ndipo ndi zoona kuti munthu ataima m'mphepete mwa phiri pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera pa chigwa, kawailesi kam'manja kamafika mtunda woposa makilomita 100. Koma pamwamba pa Mulanje si pa denga la nyumba poti uone mbali zonse. Ndi zidikha zingapo, Lichenya, Chambe, Thuchila, Sombani, zolekanitsidwa ndi nsonga zazitali pakati. Ukakhala ku Lichenya waona kumwera, kumpoto watseka. Ukakhala ku Thuchila wapeza Phalombe, wataya Muloza. Ukangolowa mkati pang'ono kuchoka m'mphepete, anthu okhala m'tsinde mwenimweni mwa phirilo, ngati wa ku Likhubula, amalowa mumthunzi, n'kumamva bwino munthu wa ku Blantyre kuposa mnzako amene ali pansi pako penipeni. Onjezani kuti kuchoka ku Likhubula kukafika ku nyumba ya alendo ya Chambe ndi ulendo wa maola atatu kapena anayi, batire lili kumsana. Chimenecho mungachite Lamulungu lililonse kwa chaka chonse? Nanga tsiku limene netiyi idzafunikedi, mvula ikugwa tsiku lachitatu, mitsinje ya Likhubula ndi Ruo itakwiya, ndani adzakwera? Phirili anthu asowerapo ndi kuferamo chifunga chitatseka njira. Kwerani m'chilimwe ndi wolondolera njira, mulembetse ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, mukasangalale kulankhula ndi akutali. Koma neti ya sabata ndi sabata ikhazikike pamalo poti mutha kufikapo ndi njinga mvula ikugwa.

Malo amenewo sangasankhidwe pamapu okha. Chitani izi musanagule kanthu kalikonse. Tengani hadikava, mulembe mayina a malo asanu ndi limodzi aja m'mbali ndi pamwamba, mupange timabokosi. Mugwirizane ola, kenaka aliyense aitane kwa mphindi imodzi motsatizana, ena onse akumvetsera ndi kulemba: ndamumva bwino, ndamumva movutikira, sindinamumve. Mukatha mutumizirane zotsatira pa foni, poti lero netiweki ilipo. Kenaka mubwereze aliyense ataima pamalo okwera apafupi ndi kwawo, pa chulu, pa bwalo la sukulu, pa chitunda cha kumanda. Mudzadabwa ndi zimene tebulo limeneli lidzaonetse. Ine ndikuyembekeza kuti mnzanu wa ku Thyolo ndi amene adzakhale ndi timabokosi tambiri todzaza, chifukwa ali pamtunda ndipo wayang'anizana ndi phirilo chapatali, chigwa chonse cha Luchenza ndi Chonde chili pansi pake. Inu ku Chitakale mwaliyandikira kwambiri phirilo. Munthu woima pafupi ndi khoma saona zimene zili m'mbali mwake. Ngati zitatero, musachite manyazi kunyamula siteshoni kupita nayo kumtunda wa ku Thyolo, kapena kumupatsa mnzanuyo mpando wa 145 MHz. Dziwani kokha kuti minda ya tiyi ili ndi eni ake, mupemphe musanaimike nsungwi. Muyesenso chinthu china chimene phiri lathuli limachita: makoma ake a mwala, ngati lija la Chambe, amabweza mafunde monga khoma libwezera mawu. Pali malo amene munthu amamveka bwino kudzera pa mwalawo kuposa molunjika, ndipo nthawi zina kungosuntha mapazi khumi kumasintha zonse.

Kanthu koyamba kogula, kapena kopanga, ndi eriyo. Kamphira kamene kamabwera ndi wailesi yam'manja kamataya mphamvu yambiri. Pezani soketi ya SO-239 ndi waya wa kopa wa 2.5 amene amawayira nyumba, mumusende. Dulani chidutswa cha masentimita 49, muchiwotcherere pakati pa soketiyo chiloze kumwamba. Dulani zina zinayi za masentimita 50, mumange m'mabowo anayi a m'makona, muzipinde ziweramire pansi ngati nthiti za ambulera yotsegula theka. Yatha. Imangeni kunsonga kwa nsungwi youma ndi mphira wa chubu cha njinga, iime chilili, chifukwa pa bandiyi tonse timaimika eriyo ndipo wina akaigoneka amazimirira. Nthambo ya coax, yolumikiza eriyo ndi wailesi, isatalike mopanda chifukwa. RG-58, yopyapyala ija, ikafika mamita 18 imakhala itadya pafupifupi theka la mphamvu yanu pa 145 MHz, ndipo imadyanso theka la timawu ta mnzanu tija. Ngati nsungwi ndi ya mamita 8, nthambo ikhale mamita 10, inu mukhale patsinde pomwepo. Pakati pa nthamboyo ndi wailesi muike kachingwe kofewa kolumikizira, poti kamulomo ka eriyo ka Baofeng sikachedwa kuthyoka nthambo yolemera ikakoka. Aliyense wa asanu ndi mmodzi inu akapanga eriyo yotere, mubwereze tebulo lija, muone timabokosi tingati tasintha. Ndikukhulupirira kuti wa ku Muloza ayamba kumveka kwa mmodzi mwa inu, ndipo ameneyo ndiye azikhala mlatho wake.

Wa ku Phalombe ndi nkhani ina. Mwina wa ku Luchenza kapena wa ku Likhubula angamutole chozungulira kumadzulo, zimenezo tebulo lidzanena. Koma njira yodalirika yodumphira phiri ndi bandi ya mamita 40, pa 7 MHz, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Kumwamba, makilomita 250 mpaka 300 kuchokera pansi, kuli mpweya umene dzuwa limaupatsa mphamvu yobweza mafunde a wailesi. Mukaponya mafunde a 7 MHz cholunjika kumwamba masana, amabwerera n'kugwa ponseponse mozungulira inu, monga madzi a m'paipi ukailozetsa kudenga. Amagwera ku Phalombe, ku Nkhulambe, ku Thekerani, ku Nsanje, m'zigwa ndi kuseri kwa mapiri, mpaka makilomita 300 kapena kuposa. Phiri la mamita 3,002 silikhala kanthu kwa mafunde ochokera kumwamba. Akatswiri amaitcha njirayi NVIS. Chinsinsi chake ndi chosemphana ndi zimene ndanena pa 145 MHz. Kuno eriyo imagona, ndipo imakhala pansi. Munthu akaimika eriyo yachilili, kapena akakweza waya wake pamwamba kwambiri pa bulugamu, mafunde amathawira cham'mbali. Adzamva anthu a ku Johannesburg bwinobwino, adzanyadira, koma mnzake wa kuseri kwa phiri sadzamupeza.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Gawani 143 ndi frequency yanu, mupeza utali wonse wa waya m'mamita. Pa 7.1 MHz ndi mamita 20.1, ndiye kuti mbali iliyonse pafupifupi mamita 10. Dulani mawaya awiri a mamita 10.4 kuti mukhale ndi popinda. Pakati muike kachidutswa ka paipi ya PVC, waya wina ulumikizane ndi mtima wa coax, winayo ndi ukonde wake wakunja. Pakatipo pakwere mamita asanu mpaka asanu ndi awiri, nsonga ziwirizo zitsike koma zikhale pamwamba poti munthu sangafikire ndi dzanja, chifukwa kunsongako kumaotcha mukamalankhula ndipo ana sadzalephera kubwera kudzaona. Ine ndimamanga ulusi wa mbedza ku nati, n'kuponya ndi legeni kudutsa pa nthambi ya mango, n'kukokera chingwe. Pa bwalo la sukulu mtengo wa mbendera umagwira ntchito yomweyo mukapempha ahedi. Kenaka yesani ndi mita ya SWR, imene imaonetsa ngati eriyo ikugwirizana ndi frequency yanu: nambala ikachepa ndiye kuti zili bwino. Ngati eriyo ikukondwa pansi pa 7 MHz, ndiye kuti yatalika, pindani nsonga zonse ziwiri mofanana, masentimita asanu nthawi imodzi. SWR ikatsika pansi pa 2, siyani, musatayepo tsiku lonse kufunafuna 1.

Usiku kwambiri ndi m'bandakucha mpweya uja umafooka, 7 MHz imaboola n'kupita osabwerera pafupi. Apo mumatsikira pa bandi ya mamita 80, cha pa 3.7 MHz, pamene mbali iliyonse imafuna mamita 19.3. Konzani zidutswa ziwiri zoonjezera za mamita 9.3 zolumikiza ndi tizopanira kunsonga kwa mawaya aja, eriyo imodzi igwire mabandi awiri. M'nyengo yadzinja bandi ya 80 imadzaza ndi kuthetheka kwa ziphaliwali za kutali, choncho neti ya sabata ndi sabata ndi bwino muiike masana kapena chakumadzulo dzuwa lisanalowe, pa 40.

Simufunika nonse kukhala ndi mawailesi a HF, olankhula pa 7 ndi 3.7 MHz aja, ndipo ndikudziwa kuti matumba sangalole. Awiri akwanira poyamba, wina mbali ino ya phiri, wina ku Phalombe. Aliyense wa awiriwa amasonkhanitsa apafupi naye pa 145 MHz, kenaka awiriwo n'kupatsirana pa 7 MHz. Ndalama imene mumafuna kugulira wailesi imodzi yaikulu, ganizirani zoigawa pawiri. Kusiyana kwa mawati 100 ndi mawati 25 kwa womvera ndi kanambala kamodzi kokha pa mita ya mphamvu, ija yoonetsa kukula kwa mafunde amene wailesi ikulandira, koma kwa batire lanu ndi kusiyana kwa neti yofika kumapeto ndi neti yofera panjira. Xiegu G90 imatulutsa mawati 20, ndi yopepuka ndipo ili ndi tuner, kachipangizo kogwirizanitsa wailesi ndi eriyo, mkati. Yaesu FT-891 imafika 100, koma mutha kuitsitsa n'kumasunga mphamvuyo kuti idzagwire ntchito tsiku loipa. Zonse ziwiri zingayendetse neti yanu.

Za batire tiwerengere limodzi, chifukwa pano ndi pamene masiteshoni ambiri onyamulika amafera. Wailesi ya mawati 100 ikamalankhula ndi mphamvu yonse imakoka 20A kapena kuposa. Tiyerekeze kuti mwaitsitsa ndipo ikukoka 8A polankhula ndi 1A pomvetsera. Woyendetsa neti amalankhula kwambiri kuposa wina aliyense, tinene theka la nthawi. Neti ya ola limodzi yadya 4.5Ah. Kabatire ka 7Ah ka mu UPS kaoneka ngati kakwana, koma batire la asidi silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, ndipo likatsika pansi pa 12V wailesi imayamba kulankhula mawu ophwanyika, ina imangodzizimitsa mukadina batani. Ndiye kameneko kakupatsani 3.5Ah zokha. Tsiku la ngozi, maola 12, awiri mwa iwo mukulankhula, ndi 26Ah. Apo mufunika batire la sola la asidi loposa 50Ah, limene ndi katundu wa kabaza, kapena la LiFePO4 la 30Ah, limene ndi lodula koma lopepuka ndipo limasunga mphamvu yake cha pa 13V mpaka pafupi ndi kumapeto. Batire la galimoto lingakupulumutseni tsiku limodzi, koma silinapangidwire kutsitsidwa mobwerezabwereza. Sola ya mawati 100 imapereka cha m'ma 5A dzuwa lili paliwombo kopanda mtambo. Koma kuno ndi kwa chiperoni, ndipo namondwe amabwera ndi masiku a mdima. Werengerani masiku atatu opanda dzuwa. Njira yake ndi kugwirizana pasadakhale kuti pa ngozi onse aziyatsa mawailesi mphindi khumi zoyambirira za ola lililonse, kenaka n'kuzimitsa. Maola 12 asanduka awiri.

Fyuzi ikhale pafupi ndi batire penipeni, waya akhale wonenepa ndi waufupi, ndipo muike pulagi yolowa mbali imodzi yokha. Tizopanira tofiira ndi takuda m'mdima timafanana, ndipo kusemphanitsa kamodzi kokha kutha kupha wailesi.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira, chifukwa zikukhudza makutu aja. Tsiku lina ndinaimika siteshoni pa khonde la nyumba ina m'dera la Thyolo, malo okwera bwino, eriyo itamangidwa bwino, batire lodzaza. Ndinatsegula neti, onse anandimva. Ine ndinkangomva mkokomo ngati mvula pa malata, mita ya mphamvu itaima pa 9 popanda wolankhula. Ndinasintha nthambo, ndinatsitsa eriyo n'kuikwezanso, palibe chinasintha. Patapita nthawi mwini nyumba anazimitsa inveta yake kuti asunge moto wa usiku. Mkokomo uja unangoti zii. Pomwepo ndinamva mawu aang'ono, otopa, akubwereza dzina langa loitanira. Anali mnzathu wa kuseri kwa phiri, ndipo anandiuza kuti wakhala akuitana chiyambire netiyo, batire lake latsala pang'ono kutha. Tsiku limenelo analibe uthenga wa ngozi. Koma ndimaganizabe kuti akanakhala nawo bwanji. Kuchokera apo, ndikafika pamalo ndimayamba ndayatsa wailesi n'kumvetsera ndisanamange chilichonse chokhazikika. Inveta, machaja a foni otchipa, mababu ena a LED, ngakhale kontilola ya sola yanu yomwe, zonsezi zimalavula phokoso pa 7 MHz. Nthawi ya neti chotsani sola, muyendere batire lokha, ndipo mutalikirane ndi nyumba zokhala ndi magetsi. Chimodzimodzinso Baofeng, ikayandikira nsanja ya foni kapena ya wailesi youlutsa mawu imagontha, ngakhale malowo ataoneka okwera bwino.

Za chitetezo sindichulutsa, koma musazipeputse. Nsungwi kapena waya wanu akhale kutali ndi mawaya a ESCOM kowirikiza kawiri utali wake, kuti ngakhale atagwa asawakhudze. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, mukangomva bingu, tsekani neti, zulani coax ku wailesi muiponye panja kutali, inu mulowe m'nyumba. Palibe uthenga woyenera kuulandira mutagwira waya wolunjika kumtambo. Molumikizira monse mukulunge ndi tepi yakuda, chifukwa coax ikamwa madzi yatha ntchito, ndipo wailesi ndi hadikava ziziyenda m'majumbo awiri.

Pali chitetezo china chimene mabuku a kunja sanena. Inu mukukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa chifukwa chongokayikiridwa. Munthu wachilendo wofika pamudzi ndi chikwama, mawaya, batire ndi kabokosi kolankhula chinenero cha manambala, angadzetse mafunso ngakhale lero. Musanaimike kanthu pitani kwa amfumu, mufotokoze, muwaonetse chiphaso. Dziwitsani apolisi apafupi ndi a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzimo. Tsiku loyamba aitaneni adzaone, amve okha mawu akuchokera ku Phalombe, anyamata agwire nsungwi pomwe mukumanga. Komiti imeneyi ndi yomwenso idzatenge uthenga wanu kupita nawo kwa a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi kwa akuluakulu a paboma tsiku la mavuto. Neti imene ilibe kopereka uthenga wake yangokhala macheza.

Tsopano kayendetsedwe kake. Pa mamita awiri, 145.500 MHz ndi poitanirana, choncho mukapezana sunthirani pena, monga 145.450. Pa 40 ndi pa 80 timalankhula pa LSB, imodzi mwa njira zotumizira mawu imene mumasankha pa wailesipo. M'chigawo chathu cha Africa ndi Ulaya, 7.110 ndi 3.760 MHz ndi pamene amateur amasonkhanira pa nthawi ya ngozi, ndiye neti yoyeserera muiike chapafupi koma osati pomwepo. Fikani mphindi makumi atatu nthawi isanakwane. Mvetserani, funsani ngati pali amene akugwiritsa ntchito malowo, chifukwa pa 7 MHz muli limodzi ndi anzathu a ku Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe, amene mayina awo oitanira amayamba ndi C9, 9J ndi Z2. Nthawi ikakwana ndendende, tsegulani ndi mawu omwewomwewo sabata iliyonse, olembedwa pa chikuto cha hadikava: "Muno ndi mu neti ya Lamulungu ya Mulanje ndi Thyolo. Woyendetsa ndine 7Q wakutiwakuti, ndili pamalo akutiakuti. Aliyense alankhule ndikamupatsa mpata. Ngati pali wina ali ndi uthenga wa ngozi, alankhule tsopano." Mukatero siyani batani, muwerenge chamumtima mpaka khumi. Kukhala chete kumeneku oyamba kumene kumawavuta, amaona ngati wailesi yafa n'kuyambanso kulankhula. Koma munthu wa mawu ofooka amalowera pa mpata umenewu.

Kenaka itanani mmodzimmodzi, mwa dongosolo losasintha, kuzungulira phiri: Thyolo, Luchenza, Likhubula, Muloza, Phalombe. Aliyense atchule dzina lake loitanira m'zilembo za pa wailesi, Seven Quebec ndi zotsatira zake, anene momwe akukumverani ndi momwe batire lake lilili. Zina zonse lankhulani m'Chichewa chomveka, popanda zining'a zobisa tanthauzo, popanda malonda kapena nyimbo, poti malamulo a amateur salola zimenezo. Mukadina batani dikirani kamphindi musanayambe, apo ayi mawu oyamba amaduka. Wina akapanda kuyankha kawiri, funsani kuti, "Alipo amene akumumva wa ku Muloza?" Amene wamumva abwereze mawu ake monga momwe anenedwera, osaonjezera ndemanga. Lembani zonse ndi pensulo, chifukwa bolopeni imakana pa pepala lonyowa: nthawi, dzina, mphamvu ya mawu, uthenga. Ngati mungapeze wokulemberani, ngakhale mwana wa sukulu wa Fomu 3, manja anu atsala a maiki okha.

Sabata iliyonse muyeserere uthenga umodzi, mutanena momveka poyamba ndi pomaliza kuti ndi woyeserera. Uthenga wabwino umanena wochokera, wopita, malo, chimene chachitika, anthu angati, chofunika n'chiyani, ndi nthawi. Wolandira aubwereze wonse, wotumiza avomere kuti ndi momwemo. Poyamba mudzaona manambala akusintha pakati pa Phalombe ndi Thyolo, khumi ndi asanu kusanduka makumi asanu. Bola zichitike pa Lamulungu wamba. Manambala muzitchula limodzilimodzi, ndipo muziuza anzanu kuti anene zimene aona ndi maso, zimene angomva anene kuti angomva.

Sankhaninso wachiwiri wanu lero lomwe, ndipo akhale mbali ina ya mtsinje, osati woyandikana nanu nyumba. Mugwirizane kuti mukapanda kumveka mphindi zisanu nthawi itakwana, iye atsegule neti osadikira chilolezo. Kamodzi pamwezi mupatseni mpando dala, inu mukhale woitanidwa. Frequency yoyamba, yachiwiri yothawirako, ndi mphindi khumi zija za ola lililonse, zilembedwe pa kakhadi, aliyense amate kumbuyo kwa wailesi yake ndi selotepi.

Lamulungu likubwerali, ngati ziphaso zilipo, musanyamule china chilichonse kupatula Baofeng, hadikava ndi pensulo. Dzazani tebulo la timabokosi lija kawiri, koyamba aliyense ali pakhomo pake, kachiwiri ali pa chitunda. Mukatero munditumizire, tidzaonere limodzi pamene nsungwi yoyamba iyenera kuima ndi amene ayenera kulandira wailesi yachiwiri ya 7 MHz.